Mitambo ya chiperoniyi singafinyidwe kuti itipatse mvula?

MlimiWaNgabu
Abale anga, mwadzuka bwanji nonse. Lero ndi tsiku lachitatu dzuwa osaoneka kuno kwa Ngabu. Mitambo yatsika, kumwamba kwada bii, mwera ukuzizira, koma pansi ndi fumbi lokhalokha. Mlamu wanga wa ku Thyolo wandiimbira m'mawa, akuti kwawo chiperoni chanyowetsa moti zovala zakana kuuma pachingwe. Ife kuno tikungoona mitambo ikudutsa pamutu ngati ng'ombe za eni ake.

Chimene chikundiwawa ndi ichi. Ndinamva pa wailesi kuti ku Zimbabwe ndege zimakwera kukathira mankhwala m'mitambo kuti mvula igwe, ndipo akuti ku Amereka amachita zimenezi m'nyengo yozizira ngati ino. Chaka chino mapira anga anapserera ndi ng'amba ya mu Febuluwale, za chimanga ndiye musafunse. Nanga bwanji osabwereka ndege imodzi n'kudzafinya mitambo iyi kuti tinyowetse madimba? Madziwo si amenewa tikuwaona ndi maso athuwa? Amene mukudziwa za izi tithandizeni.

MnyamataWaThabwa
Funso limeneli lili nanenso. Ndikaima pano pa Thabwa ndikuona chitunda chonse chaphimbika, magalimoto akutsika atayatsa magetsi masanasana, ena akufika atanyowa. Kusiyana kwake ndi makilomita ochepa chabe.

MayiWaDimba
A Mlimi, mwandiyankhulira. Kuno ku Bangula chinyontho cha m'dimba chikuthawa msanga chaka chino. Mbatata ndabzala, koma nyemba ndikuopa kutaya mbewu.

ThonjeLoyera
Inu mukufuna mvula mu Juni? Ena sitinamalize kutola thonje. Likanyowa ndani adzagule?

MlimiWaNgabu
A Thonje, sindikupempha chimvula, ndikunena yongonyowetsa nthaka.

AphunzitsiANchalo
Bambo a kwa Ngabu, funso lanu ndi labwino, ndipo ana m'kalasi amandifunsa lomweli chaka chilichonse chiperoni chikayamba. Ndiyambe ndi pamene ambiri timasochera. Mtambo ukamaoneka wakuda sindiye kuti wadzaza madzi ngati thumba loti n'kungoliboola. Mtambo ndi timadontho tating'onoting'ono kwambiri tomwe timangoyandama mumpweya. Kuti dontho limodzi la mvula lipangike pamafunika timadontho totere pafupifupi 1 miliyoni. Vuto lonse la mvula lagona pamenepo, kuti timadonthoto tikumane ndi kukula mpaka kulemera n'kugwa.

Mankhwala amene amathira m'nyengo yozizira kunjako, otchedwa silver iodide, sapanga madzi. Ntchito yake ndi imodzi yokha, kuundanitsa madzi amene alipo kale. Ndipo si madzi alionse. Amayi ogulitsa mafirizesi akudziwa chinthu ichi. Nthawi zina umatulutsa botolo la madzi mufiriji likuoneka lamadzi bwinobwino, ukangoligogoda pathebulo lonse limaundana uli kuyang'ana. Madziwo anali atazizira kale kupitirira pa 0, koma analibe poyambira kuundana. M'mitambo ya kumwamba kwambiri zimenezi zimachitika tsiku ndi tsiku. Timadontho timatha kukhalabe madzi mpaka kufika madigiri pafupifupi -40. Mukaponyamo kafumbi kooneka ngati ayezi, kadontho kamaundana, kenaka kamayamba kukoka chinyontho cha anzake n'kukula msanga, n'kugwa. Silver iodide kapangidwe kake kamafanana ndi ka ayezi, n'chifukwa chake amagwira ntchito imeneyi, koma amayamba kugwira pokhapokha malowo atazizira kufika cha pa -5 kapena kuposa.

Anazitulukira mu 1946 ku Amereka. Vincent Schaefer anayesa ndi dry ice, umene ndi mpweya wa carbon dioxide woundana, ndipo mu Novembala chaka chomwecho anakamwaza kuchokera m'ndege pafupi ndi phiri la Greylock. Mnzake Bernard Vonnegut ndi amene anapeza za silver iodide. Choncho si nkhani yachilendo, yatha zaka zoposa 70.

MnyamataWaThabwa
Aphunzitsi, nanga panopa sikukuzizira? Ine ndagona ndi mabulangete awiri.

AphunzitsiANchalo
Kukuzizira kwa ife a m'chigwa, achimwene, koma mtambowo sukuzizira mokwanira. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa kilomita iliyonse ukamakwera. Kuno tili pansi penipeni, Nsanje safika n'komwe mamita 100 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere. Kuti mufike pamene pali 0 muyenera kukwera makilomita pafupifupi 4 kapena kuposerapo, ndipo -5 ali pamwamba pakenso. Chiperoni ndi mtambo wapansi. Chimakuta Thyolo ndi m'mbali mwa Mulanje, koma pamwamba pake pamakhala mpweya wouma ndi wofundirako umene umachitsekera ngati chivundikiro cha mphika. Sapitwa yemweyo, nsonga ya Mulanje, ndi mamita 3,002 okha, safika pa makilomita 4 aja.

ChiromoKuIdaho
Moni nonse akwathu. Ndinabadwira ku Chiromo, panopa ndili ku sukulu ya za madzi kuno ku Idaho m'dziko la Amereka, komwe nkhani imeneyi ndi ya tsiku ndi tsiku kuyambira Novembala mpaka cha mu Epulo. Aphunzitsi afotokoza bwino, ine ndingoonjezera mmene amayezera mtambo asanaotche ngakhale galamu imodzi ya mankhwala. Chimene chinandidabwitsa nditafika n'chakuti ntchito yaikulu si yothira ayi, ndi yoyeza ndi kudikira. Mitambo yambiri amangoisiya idutse.

Choyamba amafuna adziwe ngati mu mtambomo muli madzi ozizira osaundana aja. Pali chida chotchedwa radiometer, bokosi loikidwa pansi loyang'ana kumwamba. Sichitumiza kanthu, chimangomvetsera mafunde amene madzi amatulutsa okha. Chimamvetsera pa njira ziwiri, ina cha pa 23 GHz (GHz ndi muyezo wa mafundewo) imene imamva kwambiri nthunzi, ina cha pa 31 GHz imene imamva kwambiri madontho. Ayezi sichimuona kwenikweni, ndipo ubwino wake ndi umenewo, chifukwa chimasiyanitsa madzi ndi chipale. Yankho limabwera m'mamilimita, kutanthauza kuti mutafinya mtambo wonse umene uli pamutu panu madzi ake angakwere bwanji pansi. A Mlimi, apa pokha mvetsetsani. Nthawi zambiri nambala imeneyi siifika ngakhale milimita imodzi. Mtambo woopsa m'maso, koma mutafinya gawo lake lonse limene lili pamwamba pa chikhatho chanu, madzi ake sangachidzaze n'komwe. Mvula yeniyeni imagwa yambiri chifukwa mphepo imabweretsabe chinyontho chatsopano kwa maola ambiri, osati chifukwa mtambowo unasunga madzi.

Koma radiometer siinena kuti madziwo ali pamtunda wanji kapena ndi ozizira bwanji. Ndiye amaulutsa chibaluni chonyamula kachida koyeza kuzizira, chinyontho ndi mphepo pamene chikukwera. Akaphatikiza ziwirizi ndi pamene amadziwa kuti madzi alipo ndipo ali pamalo ozizira mokwanira. Pamwamba pa mapiri ena amaikaponso kachitsulo kamene kamaundana ayezi mtambo wotere ukakakhudza, ndipo ndege zofufuzira zimalowa mu mtambo momwemo n'kuwerenga madontho ndi tizidutswa ta ayezi. Mu mpweya wokwana mita imodzi mulitali, mulifupi ndi msinkhu, madzi amapezeka osafika ndi theka la galamu nthawi zambiri.

China chimene anthu sachiganizira ndi chakuti mtambo ukazizira mopitirira, monga pamwamba pake pakadutsa cha pa -25, umakhala utapanga kale ayezi wake wambiri. Kuthiramo mankhwala n'kungotaya ndalama, chifukwa madzi aja adyedwa kale. Ukakhala wofunda mankhwala sagwira. Ndiye pali kampata kakang'ono pakati. Kenaka mphepo. Makina ambiri ali pansi m'mbali mwa phiri, amaotcha mankhwalawo n'kutulutsa utsi, ndipo utsiwo uyenera kukwera ndi mphepo mpaka pamalo ozizirawo. Mphepo ikalowera kwina, kapena mpweya ukakhazikika pansi osakwera, basi zalephereka. Tizidutswa ta ayezi timafunanso nthawi yokulira tisanadutse pamwamba pa phiri, chifukwa kuseri kwake mpweya umatsika, umafunda, zonse n'kusungunukira mumpweya.

MlimiWaNgabu
Achemwali, zikomo kwambiri, mwandiphunzitsa. Koma ndifunsebe. Akachita zonsezo molondola, mvula imachuluka bwanji?

ChiromoKuIdaho
Bambo, kumeneko ndi kumene akatswiri akhala akukangana zaka zambiri, chifukwa n'kovuta kudziwa kuti ukanapanda kuthira kukanagwa zochuluka bwanji. Umboni womveka bwino unapezeka kuno komwe mu 2017, pa kafukufuku wotchedwa SNOWIE, m'mapiri a mtsinje wa Payette. Ndege inkauluka mokhotakhota ikuthira, ndipo pa radar, chida choonera mvula ndi chipale zili m'mitambo, panaoneka mizere ya chipale yokhotakhota chimodzimodzi, pamalo pamene panalibe kanthu poyamba. Pamenepo palibe amene anatsutsa. Koma zoyezera za pansi zinapeza kuti chipalecho chikasungunuka chinali pakati pa mamilimita 0.05 ndi 0.3. Ku Wyoming, ku Amereka konkuno, anayesa zaka pafupifupi khumi mpaka 2014, ndipo anati mwina kuwonjezera 5 mpaka 15 pa 100 iliyonse, m'mitambo yoyenerayo yokha, komanso masamu ake sanatsimikizire ndithu. Dziko la Israel linathira kwa zaka zambiri, kenaka litayesanso mosamala kuyambira 2013 mpaka 2020 linapeza kuti phindu ndi lochepa kwambiri, n'kusiya.

MayiWaDimba
0.3 ndi madzi ochuluka bwanji, mwanangu? Tiuzeni m'zidebe.

AphunzitsiANchalo
Mayi, milimita imodzi ndi lita imodzi pa malo a mita imodzi mulitali ndi mulifupi. Ndiye 0.3 ndi ngati kapu imodzi ya tiyi pa malo ngati theka la mphasa. Dzuwa la kuno limaumitsa oposa amenewo nthawi ya kadzutsa isanathe. Chimanga kuti chiche chimafuna mamilimita 500 kapena kuposa.

MayiWaDimba
Kapu imodzi! Ndiye akuvutikiranji azunguwo?

ChiromoKuIdaho
Amayi, kwa iwo zimapindula chifukwa phiri ndi nkhokwe yawo. Chipale chikagwa sichithawa, chimaunjikana miyezi yonse yozizira, pang'onopang'ono pa dera lalikulu, n'kudzasungunuka nyengo yofunda n'kulowa m'mitsinje. Kampani ya magetsi ya Idaho Power imalipirako ntchitoyi, chifukwa madziwo amadzazunguza makina ake pa mtsinje wa Snake. Ku Australia nako ankachita m'mapiri a Snowy pa chifukwa chomwechi. Kwathu nkhokwe yotereyi kulibe. Kadontho kakagwa kwa Ngabu mu Juni, masana ake kapita.

MlimiWaNgabu
Ndamva, koma mtima sukuvomera. Ku Zimbabwe kulibe chipale. Nanga iwo amathira chiyani?

WaKuMbombela
Amalume, pamenepo ndilowepo. Ine ndimagwira ntchito m'minda kuno ku Mbombela, kumene kale ankati Nelspruit, ndipo kuno ndi kumene kunayesedwa njira ina m'zaka za m'ma 1990, pamodzi ndi ku Bethlehem ku Free State. Iwo sankadalira kuzizira. Ankamanga timiyuni pamapiko a ndege tomwe tikayaka timatulutsa utsi wa mchere, n'kumauluka pansi pa mtambo pamene mpweya ukukwera. Mchere umakoka madzi, si mwaona umanyowa wokha mu mbale nthawi ya dzinja? Ndiye umapanga madontho akuluakulu amene amameza anzawo. Zimenezi zimachitika pa mitambo ya mabingu ya m'dzinja. Ine ndikuona kuti achemwali ndi aphunzitsi akutifooketsa msanga. Kwathu mitambo ya mabingu ilipo kuyambira Novembala mpaka Malichi. Bwanji osayesa?

AphunzitsiANchalo
Achimwene, sindikukana, njira imeneyo ilipo ndipo anakaiyesanso ku Mexico. Pa radar mitambo yothiridwa inkaoneka kuti yatulutsa madzi ambiri kuposa inzake. Koma kuchuluka kwa madzi mu mtambo umodzi pa radar n'kosiyana ndi kuchuluka kwa mvula m'minda ya boma lonse pakutha pa nyengo, ndipo chachiwirichi ndi chimene chakhala chovuta kutsimikizira. Ku Zimbabwe nako amathira m'dzinja, osati mu Juni.

Ndipo taganizani za Febuluwale wa 2024 amene a Mlimi akulira. Kumwamba kunali mbee masabata angapo. Ndege ikanakwera ikanathira mu chiyani? Ng'amba imatanthauza kuti mitambo yoyenerayo palibe. Nthawi imene timaifunitsitsa njirayi ndi imene siigwira.

WaKuMbombela
Si masiku onse kunali mbee, aphunzitsi. Mayi anga ankandiuza kuti masana ena inkaunjikana kumadzulo n'kubalalika. Imeneyo ndi imene ndikunena. Mvula imodzi yokha pa nthawi imene chimanga chikumasula ngaiyaye imapulumutsa munda.

AphunzitsiANchalo
Apo ndavomera. Ngati pali poyesera ndi pamenepo. Koma payambe pakhala zoyezera, kuti tidziwe kuti mitambo yotereyo imabwera masiku angati pa nyengo. Kubwereka ndege musanawerenge ndi kugula goli ng'ombe mulibe.

MnyamataWaThabwa
Nanga mcherewo sungagwire pa chiperoni, poti sufuna kuzizira?

ChiromoKuIdaho
Funso labwino, achimwene. Chiperoni chimachokera ku nyanja ya Indian Ocean, chimadutsa Mozambique, ndipo dzina lomwelo ndi la phiri la Chiperone la kumeneko. Mpweya wa kunyanja umabwera kale ndi mchere wake, madontho ake ndi okulirapo kale, n'chifukwa chake chimawaza chokha mosavuta chikangokwera phiri. Sichisowa mchere. Chimasowa msinkhu. Mtambo wake ndi wopyapyala ndipo mpweya sukwera mwamphamvu. Ku Thyolo phiri ndi limene limaukankhira mpweyawo kumwamba kosalekeza, n'kumapanga madontho atsopano. Kwathu kuchigwa choukankha palibe, ndipo tochepa tomwe tagwa timauma tisanafike pansi. Mutaika radiometer ku Thyolo lero ikhoza kuonetsa madzi ndithu, koma chibaluni chikanakuuzani kuti onsewo ndi ofunda.

Makhanga2015
Ine ndawerenga zonse ndili chete. Tsopano ndiyankhule. Walira mvula walira matope. Mu Januwale 2015 ndinagona mumtengo usiku uwiri ndi ana anga awiri, Ruo atasiya njira yake. Mbuzi, nyumba, mbewu, zonse zinapita. Mu 2019 Idai, mu 2022 Ana, mu 2023 Freddy. Inu mukukamba zokwera kumwamba kukakodola mvula? Ikakana kusiya adzaizimitse ndani? Si mwaona zinachitika ku Dubai?

ThonjeLoyera
Zoona zimenezo. Ku Dubai anathira okha mpaka magalimoto kumira.

ChiromoKuIdaho
Pepani kwambiri a Makhanga, kwathu ku Chiromo nako madzi amenewo anafika, ndipo mantha anuwo ndikuwamva. Za ku Dubai zokha ndikonze. Mvula ya pa 16 Epulo 2024 inali chimphepo chachikulu chimene akatswiri a zanyengo anachiona chikubwera masiku angapo chisanafike, ndipo chinawononganso ku Oman. Malo ena kunagwa mamilimita oposa 250 pa tsiku limodzi. Yerekezani ndi 0.3 uja. Palibe ndege ingachite zimenezo. N'zoona kuti dziko lawo limathira mchere m'mitambo nthawi zina, n'chifukwa chake mphekesera inafala msanga.

Koma mfundo yanu ili ndi pogwira. Kuno ali ndi malamulo oimitsira ntchito. Chipale chikaunjikana kupitirira mlingo, kapena pakakhala chenjezo la kusefukira kwa madzi, sathira. Ku Tasmania, chilumba cha ku Australia, mu Juni 2016 anathira madzi osefukira atatsala pang'ono kubwera, anthu anakwiya kwambiri, ndipo ngakhale kafukufuku anapeza kuti kuthirako sikunawonjezere kanthu kooneka, ntchitoyo inaima. Anthu akasiya kukukhulupirira, masamu sathandizanso.

Makhanga2015
Ndiye nanenso ndikanakhala m'gulu la okwiyawo. Munthu amene wataya mwana safunsa za milimita.

MkuluWaKuNsanje
Ana anga, ndiloleni nane ndiponyepo. Makolo athu a Chimang'anja chilala chikavuta ankapita ku Khulubvi kwa Mbona ndi nsembe, ndipo mpaka lero kachisi alipo. Sankapita chisawawa. Ankayamba ayang'ana nyengo, mphepo ya mpoto ngati yayamba, mitengo ngati yaphukira, kutentha kwa usiku. Palibe ankakapempha mvula mu Juni, chifukwa ankadziwa kuti nthawi ino si yake. Ndikamva mwana wathu wa ku Amerekayu akunena kuti ntchito yaikulu ndi kuyeza ndi kudikira, sindikuona chachilendo. Chimene ndikukana ine ndi munthu mmodzi kuganiza yekha za mvula ya anthu onse. Kale nkhani ya mvula inali ya mafumu onse pamodzi.

MtumikiWaMawu
Agogo, mvula amapereka ndi Mulungu yekha. Za ku Khulubvi ndi za ndege zonse n'chimodzimodzi, munthu kufuna kulanda ntchito ya Mlengi.

MkuluWaKuNsanje
Mwana wanga, makolo ako ankapempha kwa Mulungu yemweyo. Usanyoze pamene unachokera.

MtumikiWaMawu
Sindikunyoza, agogo, koma pamenepa sitigwirizana.

AdiminiWaGulu
Akuluakulu, za chipembedzo tilemekezane, aliyense ali ndi kwake. Tibwerere ku mitambo.

MsodziWaNdindi
Ine langa ndi limodzi. Mankhwala amenewo akagwa ndi mvula amathera m'dambo. Nsomba zathu sizifa? Mlamba ndi chambo ndi zimene zikudyetsa mabanja kuno, ndipo chaka chino ena ayamba kale kukumba nyika m'dambomo, ng'ona zili pomwepo.

ChiromoKuIdaho
Bambo, makina amodzi amaotcha magalamu ochepa pa ola, ndipo amamwazikana pa dera lalikulu kwambiri. Kumene akhala akuyeza madzi ndi nthaka kwa zaka zambiri, siliva amene amapezeka ndi wochepetsetsa, wovuta kumusiyanitsa ndi amene ali kale m'nthaka. Komabe kuyezako kuyenera kukhalapo nthawi zonse, ndipo asodzi ngati inu muyenera kumaona zotsatira zake.

MayiWaDimba
A Msodzi mwatchula nyika mtima wanga wawawa. Mchemwali wanga ku Nsanje ndi zimene akudya. Chimene chimandipweteka ine n'chakuti Shire akudutsa pakhomo chaka chonse, madzi ake ambirimbiri akupita ku Zambezi, ife n'kumayang'ana kumwamba. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Gulu lathu la amayi khumi ndi awiri linasonkha n'kugula pampu ya sola. Chaka choyamba inatithandiza zedi, tinakolola chimanga chachiwisi mu Okutobala. Kenaka inaonongeka, amene anatigulitsa anasiya kuyankha foni, ndipo pano tabwerera ku ndowa. Ndalama ya ndege imodziyo ingakonze mapampu angati?

ThonjeLoyera
Mayi, chinafa n'chiyani, mota kapena kabokosi? Nthawi zambiri ndi mchenga umene umadya mkati. Musamaike payipi pansi penipeni, muziimangirira pa chigubu kuti iziyandama, ndipo kukamwa kwake muzikulunga ndi neti.

MayiWaDimba
Imalira koma madzi osatuluka.

ThonjeLoyera
Ndiye mota ili moyo. Ndi mchenga umenewo kapena ikukoka mpweya polumikizira. Itsegulitseni musanaitaye.

MnyamataWaThabwa
Nanga ngalande yaikulu yochokera ku Kapichira ija? Si ndiye yankho lake?

AphunzitsiANchalo
Ndiyo ntchito ya Shire Valley Transformation Programme, ndipo cholinga chake ndi kuthirira mahekitala oposa 40,000 m'Chikwawa ndi Nsanje, madzi akuyenda okha popanda pampu. Namondwe Ana atagumula damu la Kapichira mu Januwale 2022 anaononganso poyambira ngalandeyo. Ine ndimaiyembekezera kuposa ndege. Onani ku Nchalo kuno, nzimbe za Illovo zimabiriwira mu Okutobala mvula isanadonthe, ndipo ndi madzi a Shire omwewo.

WaKuMbombela
Ngalandeyo siifika munda wa aliyense, aphunzitsi. A kumtunda kwa Ngabu, kumene amalima mapira ndi mchewere, adzadalirabe kumwamba. N'chifukwa chake ine sindikuitaya nkhani ya ndegeyi.

MlimiWaNgabu
Ndi zimenezo, mphwanga. Munda wanga uli kutali ndi mtsinje. Koma ndili ndi nkhawa ina tsopano. Tinene kuti a ku Thyolo kapena a ku Mozambique ayamba kuthira m'dzinja. Sangatimalizire mvula isanafike kuno? Paja ife timalandira kale yochepa kuposa onse.

ChiromoKuIdaho
Bambo, nkhawa imeneyi ndi ya alimi kulikonse kumene amathira. Chinyontho chimene chimadutsa kumwamba ndi chochuluka kwambiri, ndipo chimene chimagwa ngati mvula pa phiri limodzi ndi gawo laling'ono. Kuthira kumangowonjezera kachigawo ka gawo limenelo. Kafukufuku amene wachitika sanapeze kuti a kuseri amauma chifukwa cha zimenezi. Koma kuti mudzathe kutsutsana ndi munthu tsiku lina, muyenera kukhala ndi mabuku a mvula ya kwanu a zaka zambiri. Ndipo kwathu mvula ya m'dzinja imagwa mwa apo ndi apo, mudzi uwu yagwa, mudzi winawo fumbi. Choyezera chimodzi sichingayankhulire dera lonse.

MlimiWaNgabu
Munthu wamba angayeze bwanji?

AphunzitsiANchalo
N'zosavuta, bambo. Pezani chitini choongoka, chimene kukamwa ndi pansi pake n'zofanana kukula. Chikhomereni pa mtengo wodula, chokwera ngati m'chiuno, pabwalo kutali ndi denga ndi mitengo, ndipo chisapendekeke. M'mawa uliwonse nthawi imodzimodzi, ma 8 koloko, lowetsani rula, werengani mamilimita, lembani m'kope ndi tsiku lake, kenaka tayani madziwo. Tsiku limene sikunagwe kanthu lembaninso 0, chifukwa ng'amba timaiwerengera pa ma 0 amenewo. Muzilembanso ngati kunali mitambo ya mabingu imene inabalalika osagwetsa. Nambala imeneyo ndi imene a ku Mbombela akuifuna. Ana anga a Fomu 2 ali nacho chawo kusukulu.

WaKuMbombela
Ndiwatumizira mayi kope ndi rula. Akhoza kuyamba mu Novembala.

MnyamataWaThabwa
Ine ndiika ziwiri, china pano pa Thabwa, china kwa azakhali anga pamwamba pa chitunda. Chiperoni chino chisanathe tione kusiyana kwake.

Makhanga2015
Kuyeza ndikuvomera. Koma mukaona zitini za kumtunda zikudzaza usiku umodzi m'dzinja, lembani pano msanga, musadikire m'mawa. Madzi a ku Thyolo ndi Mulanje amatipeza kuno tili mtulo.

MlimiWaNgabu
A Makhanga, zimenezo ndimuuza mlamu wanga wa ku Thyolo lero lomwe. Chitini ndapeza cha mkaka wa ufa, ndachikhomera pafupi ndi khola. Madzulo ano kunayamba kuwaza pang'ono, ndinatuluka kukaona. Pamalata pakumveka, koma pansi pa chitini pangonyowa, rula sikugwira kanthu. Aphunzitsi, pamenepa ndilembe 0 kapena ndilembe chiyani?

AphunzitsiANchalo
Dikirani mpaka ma 8 koloko mawa. Ngati rula siigwirabe, lembani 0, pambali pake mulembe kuti kunawaza.